Buku mwalimaliza: mulipereke ku kampani, mulitulutse nokha, kapena mugawane?

Zaka 25 zapitazo, munthu akamaliza kulemba buku ankayamba ntchito yachiwiri, yodikira. Ankatumiza zolemba zake ku makampani osindikiza mabuku n'kutha miyezi maso ali kunjira. Yankho likabwera loti ayi, mapepala aja ankalowa m'kabati. Amene anali ndi kangachepe ankapita kwa eni makina n'kusindikizitsa makope 1,000 nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa makopewo ankakalambira m'makatoni kuseri kwa chitseko. Lero njira zachuluka, ndipo olemba anzanga amandifunsa kawirikawiri kuti yabwino ndi iti. Ine ndimayamba ndawafunsa zinthu ziwiri: ndalama zotulutsira bukuli zichoka m'thumba mwa ndani, nanga pakatha zaka 10 mphamvu pa bukuli zidzakhala m'manja mwa ndani? Njira zonse zimasiyana pa ziwirizi.

Kudzitulutsira buku sikunayambe dzulo. Walt Whitman analipira yekha kuti ndakatulo zake zisindikizidwe mu 1855. Beatrix Potter, atakanidwa ndi makampani angapo, anasindikizitsa makope 250 a kabuku kake ka nkhani ya kalulu mu 1901, ndipo chaka chotsatira kampani ya Frederick Warne inakatenga. Virginia Woolf ndi mwamuna wake Leonard anagula makina aang'ono oyendetsa ndi manja mu 1917 n'kuyambitsa Hogarth Press m'nyumba mwawo momwe. Chimene chasintha masiku athu ano n'chakuti kuyesa sikukudyanso ndalama zambiri. Makina a lero amatha kusindikiza kope limodzi lokha pamene wina waligula, moti katoni ya mabuku osagulidwa ija sifunikanso. Kampani ya Lulu inayamba mu 2002 kupatsa olemba mwayi umenewu. Mu Novembala 2007 Amazon inatulutsa Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku, pamodzi ndi njira yoti aliyense aziika buku lake pamsika, imene pano imatchedwa Kindle Direct Publishing kapena KDP. Makampani ena otere anatsatira: Smashwords inabwera mu 2008, Kobo Writing Life ndi Draft2Digital mu 2012, IngramSpark mu 2013. Chiyambire nthawi imeneyo, wolemba akamakambirana ndi kampani amakhala akudziwa kuti akakanidwa ali ndi kwina kolowera, ndipo kampaninso imadziwa zimenezo.

Kupereka buku ku kampani yosindikiza

Ubwino waukulu wa njira yakaleyi ndi wakuti simulipira kalikonse. Kampani ndiyo imalipira mkonzi, wojambula chikuto, woyala masamba, makina, kosungira mabuku ndi anthu oyenda m'masitolo kukatsatsa. Buku likapanda kuyenda malonda, yaluza ndi kampani. Makampani akuluakulu amaperekanso adivansi, ndalama yolandiriratu buku lisanatuluke, ndipo ngati mwapereka buku monga munagwirizana, simubweza ngakhale litagulidwa pang'ono.

Adivansiyo si mphatso ayi. Ndi gawo lanu lomwe la m'tsogolo limene mwatapako lero. Ku America ndi ku Britain, gawo la wolemba pa buku la chikuto cholimba limakhala pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya mtengo wake, la chikuto chofewa pafupifupi 7.5 peresenti, ndipo pa e-book (buku lowerengera pa foni, kompyuta kapena Kindle) ndi 25 peresenti ya ndalama zimene kampani yalandira. Tiyerekeze kuti buku la chikuto chofewa likugulitsidwa madola 16. Gawo lanu ndi dola imodzi ndi masenti 20. Ngati munalandira adivansi ya madola 6,000, pafunika makope 5,000 agulidwe kaye musanaonenso ndalama ina. Mabuku ambiri safika pamenepo, choncho kwa olemba ochuluka adivansi ija ndiyo malipiro onse. Pa ndalama iliyonse imene yabwera, ejenti amene anakupezerani kampani amatengapo 15 peresenti, ndipo makampani akuluakulu ambiri salandira zolemba zosadzera kwa ejenti. Muwonjezerepo nthawi: kuchokera tsiku losaina kufika tsiku limene buku laoneka m'sitolo pamatha chaka kapena ziwiri, ndipo lipoti la malonda limabwera kawiri pachaka.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amalimbirabe njira imeneyi? Chifukwa kampani ili ndi chinthu chimene munthu payekha amavutika kuchipeza, chomwe ndi malo pa shelefu. Masitolo a mabuku amagula pa mtengo wotsitsidwa, nthawi zambiri ndi 40 peresenti kapena kuposa, komanso pa pangano loti makope osagulidwa adzawabweza. Kampani yokhala ndi mabuku mazanamazana imapirira mabuku obwezedwawo. Munthu wa buku limodzi angagwe nawo. Malaibulale, masukulu, manyuzipepala olemba ndemanga za mabuku ndi ambiri mwa opereka mphoto amayang'anabe kaye dzina la kampani. Ndipo kampani kapena ejenti ndi amene amapita ku zionetsero za mabuku ngati cha ku Frankfurt ku Germany, chimene chimachitika mu Okutobala chaka chilichonse, kukagulitsa chilolezo chomasulira buku lanu m'zinenero zina.

Chimene chikudetsa nkhawa olemba n'chakuti makomo ogogodapo akuchepa. Penguin ndi Random House zinaphatikizana mu 2013, moti pamsika wa mabuku a Chingerezi panatsala makampani akuluakulu asanu: Penguin Random House, HarperCollins, Hachette, Macmillan ndi Simon & Schuster. Penguin Random House itafuna kugulanso Simon & Schuster, boma la America linakasuma, ndipo mu 2022 woweruza Florence Pan analetsa malondawo. Mfundo yaikulu pa mlanduwo inali ya olemba: ogula zolemba akachepa, adivansi imatsika. Wolemba wotchuka Stephen King anaperekera umboni mbali ya boma. Mlandu umenewu ndimaukonda chifukwa unanena poyera chimene olemba ankanong'onezana, kuti mphamvu ya wolemba imachokera pa kuchuluka kwa anthu ofuna buku lake. Dziwaninso kuti kusaina ndi kampani sikukuchotserani ntchito yotsatsa. Ndalama zotsatsira zimapita ku mabuku ochepa amene kampani yaikapo mtima, enawo amauzidwa kuti adzipezere owerenga pa intaneti.

Makampani aang'ono ndi nkhani ina. Ambiri amalandira zolemba popanda ejenti, mkonzi amakudziwani ndi dzina, ndipo amalimba mtima kutulutsa ndakatulo, nthano zazifupi ndi mabuku a m'zinenero za anthu ochepa. Adivansi imakhala yochepa kapena palibe. Vuto lake ndi lakuti kampani yaing'ono imatha kutseka mwadzidzidzi, ndiye mumgwirizano muzikhala mawu onena kuti zikatero buku libwerere kwa inu.

Kulitulutsa nokha

Apa zonse zatembenuka. Ndalama zimachoka kwa inu, mphamvu zonse zimatsala kwa inu. Kuika buku pa KDP kapena Kobo n'kwaulere, ndipo limaoneka pamsika m'masiku ochepa. Kwa zaka zambiri Amazon yakhala ikupereka 70 peresenti pa e-book ya mtengo wa pakati pa madola 2.99 ndi 9.99, ndi 35 peresenti kunja kwa malire amenewo. E-book ya madola 4.99 imakubweretserani pafupifupi madola atatu ndi theka, kuposa katatu zimene mukanatsala nazo pa buku la madola 16 lija ejenti atachotsa zake. Pa buku la mapepala amachotsa kaye gawo lawo ndi mtengo wosindikizira kope limenelo, chotsala n'chanu. Malipiro amabwera mwezi ndi mwezi, patatha pafupifupi masiku 60, ndipo mumaona tsiku lililonse makope amene agulidwa. Mukapeza cholakwika pa tsamba 87, mumakonza usiku womwewo.

Masamu amenewa ndi amene anakopa anthu ambiri, koma walira mvula walira matope. Ntchito zonse zimene kampani imagwira sizinathe, zangosamukira pa mutu panu. Buku limafuna mkonzi woona ngati nkhani yaima bwino, wina woona ziganizo, wina wosaka zilembo zolakwika. Limafuna chikuto chimene chimawerengeka ngakhale chitachepa ngati chala chachikulu pa foni. Anthu amenewa amalipidwa, ndipo amene amadumpha mkonzi amadziwika pa tsamba loyamba. Palibe munthu amene amaona zolakwa zake zonse, chifukwa maso amawerenga zimene mutu unafuna kulemba.

Zina mumaziphunzira buku lili m'manja. Kope loyeserera la buku limene ndinayala ndekha litafika, ndinalitsegula pakati n'kupeza kuti mawu akumapeto kwa mzere uliwonse pa tsamba la kumanzere alowa m'khwawa mmene masamba amamatirana. Kuti muwerenge munkafunika kulikanula mpaka msana wake kulira. Pa kompyuta zonse zinkaoneka bwino. Ndinali nditasiya mpata wofanana mbali zonse, osadziwa kuti buku likanenepa mbali ya m'kati imafuna mpata wokulirapo. Ndinayalanso masamba onse, chiwerengero chawo chinasintha, msana unakula, chikuto nachonso chinafunika kukonzedwa. Musavomereze buku kupita pamsika musanagwire kope loyeserera ndi manja anu.

Pali zinthu zingapo zimene wofuna njira imeneyi ayenera kudziwiratu. ISBN, nambala ya manambala 13 yozindikiritsa buku, mutha kupatsidwa yaulere ndi amene akukusindikizirani, koma imeneyo simungapite nayo kwina. Mukagula yanu, dzina lolembedwa ngati wosindikiza limakhala lanu. Chachiwiri ndi KDP Select, ndondomeko ya Amazon imene mumalowamo mwa kufuna kwanu. Mukalowetsamo e-book yanu imaikidwa mu Kindle Unlimited, imene inayamba mu 2014, mmene owerenga amalipira pamwezi ndipo inu mumalandira malinga ndi masamba amene awerengedwa. Lamulo lake ndi lakuti kwa masiku 90 e-book imeneyo simuigulitsa m'masitolo ena alionse. Olemba nkhani zachikondi ndi zaupandu ambiri amapeza ndalama zawo zochuluka mmenemo, koma mwaika moyo wa buku lanu m'manja mwa kampani imodzi imene imasintha malamulo osakufunsani. Chachitatu chikukhudza aliyense wokhala kunja kwa America: pa malonda a m'dzikolo amadula msonkho wa 30 peresenti, pokhapokha dziko lanu lili ndi pangano la misonkho ndi America. Fufuzaninso ngati amatumiza ndalama ku banki ya m'dziko lanu musanayambe.

Ndipo vuto lalikulu kuposa onse ndi kupezeka. Kuika buku pamsika n'kosavuta kwa inu, n'kosavutanso kwa aliyense. Mu Seputembala 2023 Amazon inafika poika malire oti munthu asapitirire mabuku atatu atsopano patsiku, chifukwa cha mulu wa mabuku olembedwa ndi makina a AI. Buku lanu likulowa m'khamu limenelo. Nkhani za amene zinawayendera timazidziwa: Amanda Hocking anagulitsa ma e-book ake yekha mpaka kampani ya St. Martin's Press inamupatsa mgwirizano wa madola oposa 2 miliyoni mu 2011, ndipo Andy Weir anayamba kuika buku lake The Martian pa tsamba lake la pa intaneti kwaulere lisanatulutsidwe ndi kampani ya Crown mu 2014. Izi zinachitikadi, koma timazikamba chifukwa n'zosowa. Amene amakhalitsa pa njira imeneyi nthawi zambiri ndi olemba mabuku otsatizana, otulutsa pafupipafupi, ndiponso osunga ma imelo a owerenga awo kuti buku latsopano likatuluka awauze okha.

Makampani amene amakulipiritsani

Apa m'pamene ndimafuna owerenga atchere khutu. Pali makampani amene amaoneka ngati osindikiza, amayankhula ngati osindikiza, koma ndalama zawo amazipeza kwa olemba osati kwa ogula mabuku. Mnzanga wina anandionetsa kalata imene analandira patangotha sabata atatumiza zolemba zake. Ndime yoyamba inkayamikira luso lake. Yachiwiri inkati komiti yawo yasangalala kwambiri. Pa tsamba lachitatu m'pamene panali mawu akuti wolemba "athandizepo" pa zolipira, ndi ndalama yoti aipereke magawo atatu. M'kalata yonse munalibe chiganizo ngakhale chimodzi chosonyeza kuti wina anawerengadi bukulo: osatchula dzina la munthu wa m'nkhani, osatchula chochitika chilichonse. Mnzangayo anali atasangalala mpaka kuuza abale ake, ndipo zinandipweteka kumuuza kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Olemba akale ali ndi lamulo limene James D. Macdonald analitchukitsa, loti ndalama ziziyenda kupita kwa wolemba. Kampani imene yalandira kale ndalama zanu ilibenso chifukwa chovutikira kugulitsa buku. Choipitsitsa n'chakuti ena amakulipiritsani n'kutenganso mphamvu pa bukulo, moti mwaluza mbali zonse ziwiri.

Sindikunena kuti aliyense wolipiritsa ndi wakuba. Alipo makampani otchedwa hybrid amene amagawana zolipira ndi wolemba moona mtima, ndipo mu 2018 bungwe la Independent Book Publishers Association linatulutsa mfundo zowazindikirira: azisankha zolemba osati kulandira chilichonse, azifikitsadi mabuku kwa ogulitsa, azionetsa malonda a mabuku amene anatulutsa kale, ndipo gawo la wolemba lizikhala lokwera kuposa la makampani wamba. Njirayi ingathandize munthu amene ali ndi ndalama koma alibe nthawi, monga katswiri wofuna buku loti azigulitsa akamaphunzitsa. Musanasaine, pezani olemba awiri kapena atatu amene anadzera kumeneko muwafunse ngati ndalama zawo zinabwerera. Kawirikawiri mudzapeza kuti kulemba ganyu mkonzi ndi wojambula nokha n'kotsika mtengo, ndipo buku limakhala lanu.

Owerenga kulipiriratu

Njira ina ndi yopempha owerenga kuti agule buku lisanasindikizidwe, kudzera pa Kickstarter ndi masamba ena otero, kapena kulitulutsa chigawochigawo pa Wattpad, Substack kapena Patreon. Mu 2022 wolemba Brandon Sanderson anasonkhetsa madola oposa 41 miliyoni pa Kickstarter pa mabuku anayi. Koma iye anali ndi owerenga amene anawapeza kwa zaka zambiri kudzera m'makampani wamba, komanso antchito ake olongedza ndi kutumiza. Njirayi imakolola owerenga amene muli nawo kale, siibala atsopano. Ngati muli nawo ngakhale mazana ochepa okhulupirika, ingakulipirireni mkonzi ndi chikuto. Muwerengeretu mtengo wotumizira mabuku, chifukwa ambiri amagwera pamenepo.

Kugawa: njira imene ine ndimaikonda

Buku limodzi lili ndi zilolezo zambiri m'kati mwake: la mapepala, e-book, lomvetsera, lomasuliridwa, filimu, ndiponso dera lililonse la dziko lapansi palokha. Kale kampani inkatenga zonse pamodzi ndipo wolemba ankangothokoza. Hugh Howey anasonyeza kuti zingatheke mwina. Atagulitsa yekha buku lake Wool kwambiri, mu 2012 anagwirizana ndi Simon & Schuster kuti iwo atulutse la mapepala lokha, e-book n'kukhalabe yake. Mapangano otere si ofala, ndipo amapatsidwa kwa amene abwera ndi owerenga kale. Komabe olemba ambiri lero amayenda pawiri: buku ili ku kampani, linalo okha. Colleen Hoover anayamba ndi kudzitulutsira mu 2012 asanatengedwe ndi kampani ya Atria.

Kwa ine, kusintha kwenikweni pakati pa olemba ndi osindikiza kuli pamenepa. Kampani yasanduka mnzanu wa pa malonda amene mumamubwereketsa chilolezo chakutichakuti kwa nthawi yakutiyakuti, ndipo mgwirizano ndi umene umanena zonse. Pangano la maiko loteteza umwini wa zolemba, la Berne la mu 1886, monga lilili lero, limati umwini wa buku ukhale moyo wonse wa wolemba ndi zaka zina zosachepera 50 atamwalira, ndipo maiko ambiri anaika 70. Ndiye mukasaina kuti mwapereka buku "kwa nthawi yonse ya umwini", mwasainira ndi adzukulu anu omwe. Kale buku likatha m'masitolo osasindikizidwanso linkabwerera kwa mwini wake. Lero e-book siitha, choncho kampani ingaligwire mpaka kalekale likugulidwa makope asanu pachaka. Pemphani kuti alembe nambala: malonda akatsika kufika pakutipakuti m'chaka, buku libwerere. Onani ngati akutenga chilolezo cha filimu kapena chomasulira pamene alibe njira yochigulitsira. Onani mawu okuletsani kutulutsa buku lina lofanana nalo, chifukwa angakutsekereni njira yodzitulutsira. Onaninso zimene akunena pa nkhani yogwiritsa ntchito buku lanu pophunzitsa makina a AI. Bungwe la olemba la ku America la Authors Guild linatulutsa mu 2023 mawu achitsanzo oletsa zimenezi popanda chilolezo cha wolemba, ndipo mungapemphe kuti alowe mumgwirizano wanu.

Mtundu wa buku nawonso umalozera njira. Buku la ana la zithunzi zamitundu limadula kusindikiza limodzilimodzi ndipo limagulidwa kwambiri m'masitolo ndi m'masukulu, ndiye kampani imathandiza. Buku la maphunziro apamwamba limafuna dzina la osindikiza amene akatswiri anzanu amawakhulupirira. Nkhani zachikondi, zaupandu ndi zongopeka zotuluka motsatizana zimayenda bwino pa e-book, ndipo wolemba wachangu angapindule payekha. Mbiri ya banja, ndakatulo zogulitsa pamene mukulakatula, kapena buku la luso limene owerenga ake mumawadziwa ndi maina, musadikire nalo zaka ziwiri: lipirani mkonzi, itanitsani kope loyeserera, sindikizani ochepa. Ngati ndi buku lanu loyamba ndipo mtima uli ku kampani, dziikireni malire, mwina miyezi 12 yotumiza kwa ma ejenti ndi makampani aang'ono. M'miyezi imeneyo yambani kulemba lachiwiri ndi kusonkhanitsa ma imelo a anthu amene amakonda zolemba zanu, chifukwa kaya mudzasaina kaya mudzatulutsa nokha, funso loyamba limene mudzakumane nalo ndi lakuti owerenga anu ali kuti.